Tsiku Limene Abambo Anatiperekeza Kokagula Nsalu

Mwezi wa Juni ukafika, ife a ku Chilomoni timadzuka phiri la Michiru litabisala m'nkhungu. Kamvula kowaza kamene timati chiperoni kamatha masiku atatu kapena anayi osakata, zovala osauma pachingwe, ana n'kumapita kusukulu manja ali m'khwapa. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepo yonyowayi imadzera. Ife tinazolowera kalekale. Amene sanazolowere ndi agogo.

Agogo ndi mayi awo a abambo a m'nyumba muno. Anabadwira ku Chikwawa n'kukalambira komweko, kuchigwa kumene miyezi yambiri munthu amagona pamphasa osafunda kanthu. Namondwe wa Freddy atawagwetsera nyumba mu Malichi 2023, tinakawatenga kuti tizikhala nawo. Kuchoka pa mlatho wa Shire ku Chikwawa, kukwera zitunda za Thabwa mpaka kulowa mu Blantyre, ndi ulendo wa ola limodzi basi, koma munthu amakhala atakwera mamita pafupifupi 900. Thupi la munthu wa zaka zoposa 80 silizolowera msanga kusintha kotere.

Usiku wina mmodzi wa ife anadzuka kukamwa madzi n'kuona kuwala pansi pa chitseko cha agogo. Anali atalowetsa mbaula kuchipinda, zenera atatseka, makala ali psuu. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako amagona tulo tosadzukanso. Tinatulutsa mbaulayo n'kutsegula zenera, agogo akudandaula kuti tikufuna afe ndi chisanu. Bulangete la kusitolo limene tinawagulira ankati limawayabwa ndipo limaterereka usiku. M'mawa mwake ife awiri, mayi ndi mwana wake wamkazi, tinagwirizana zowasokera gombeza la zigamba: pamwamba tizidutswa ta zitenje tolumikizalumikiza, pakati bulangete, pansi nsalu yofewa ya thonje yokhudza thupi.

"Ndikatani kumeneko?"

Abambo anapuma pa ntchito yaukalaliki zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unangotsala pa mpando wa pakhonde, wailesi ndi nyuzipepala. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse mchere komanso aziyenda mphindi 30 tsiku lililonse. Mankhwala ankamwa, mchere tinachepetsa ndife ophika, koma kuyendako kunakanika. Choncho powapempha kuti atiperekeze kokagula nsalu tinali ndi zifukwa ziwiri, ndipo tinangowauza chimodzi, chakuti tikufuna wotinyamulira katundu.

"Ine kokagula nsalu? Ndikatani kumeneko? Tengani ndalamayi mupite nokha."

"Abambo, chofundacho n'cha mayi anu."

Anakhala chete kwa kanthawi, kenako analowa kukavala jekete. Potuluka pageti anatiuza kuti ikamakwana 12 koloko akhale atabwerera pampando wawo, chifukwa masana pamakhala nkhani pawailesi.

Tinatsika minibasi pa Mibawa, pafupi ndi msika wa Blantyre, n'kukwera kamtunda kolowera mumsewu wa Haile Selassie, momwe muli masitolo angapo a nsalu. Mzinda uno ndi nsalu zinadziwana kuyambira pachiyambi. Amishoni a ku Scotland atakhazikika kuno mu 1876, ndiponso kampani ya African Lakes itamanga nyumba ya Mandala mu 1882, yomwe ikadalipo mpaka lero, ndalama zinali zisanafale m'dziko muno. Amtengatenga ndi aganyu ankalipidwa mikwamba ya nsalu yoyera, ndipo nsaluyo ankasinthanitsa ndi chakudya.

M'sitolo yoyamba abambo anakana kulowa. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, nkhope ili ndwii, maso pa wotchi, mpaka mlonda anawamvera chisoni n'kuwapatsa kampando. M'sitolo yachiwiri analowa chifukwa kunja kunayambanso kuwaza. Anatipeza titaunjika zitenje zisanu ndi chimodzi pa kauntala, tikukangana za chachisanu ndi chiwiri.

"Mwawerengera kuti gombezalo lidya nsalu yochuluka bwanji?"

Tinangoyang'anana. Anatulutsa cholembera m'thumba la jekete, anapempha kapepala, ukalaliki n'kuwabwerera. Bedi la agogo limafuna chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 195 m'litali. Chigamba chilichonse tikachidula masentimita 17 mbali zonse, msoko umadya sentimita imodzi uku ndi uku, n'kutsala 15. Ndiye kuti zigamba 10 m'lifupi, 13 m'litali, zonse pamodzi 130. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimatulutsa zigamba zoposa 60.

"Zitenje ziwiri ndi kachidutswa. Zinayi zinazo mukufuna kufunditsa ndani?"

Masamuwo sanali otsutsika, ndipo ndalama yake inali ya penshoni. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa nsalu, monga katundu yense wochokera kunja, sunabwererenso pansi. Koma gombeza la mitundu iwiri yokha silikanakhala la zigamba. Mtsikana wogulitsa, yemwe ankamvetsera zonsezi akubisa kuseka, ndiye anatithandiza.

"Amayi, ngati mukufuna mitundu yambiri, pitani ku Limbe kwa atelala a m'makonde. Zotsalira amangozisunga m'matumba, akugulitsani motchipa."

Abambo anayang'ana wotchi. Inali 10 koloko. Masamu awo omwe ndiwo anali kuwatumiza ku Limbe, ndipo analibe pokanira.

Pa Ginnery Corner

"Limbe, Limbe, mmodzi yekha!" anakuwa kondakitala, m'katimo muli mipando isanu yopanda munthu. Msewu waukulu wa Masauko Chipembere, womwe umalumikiza Blantyre ndi Limbe, ndi wa makilomita pafupifupi 8. Abambo anakhala kuzenera, mawondo atapanikizika ku mpando wakutsogolo, osayankhula. Titafika pa Ginnery Corner, pomwe amatsikira anthu opita ku chipatala cha Queen Elizabeth ndi mabasiketi a chakudya cha odwala, anatembenukira mwana wawo.

"Iwe, ukudziwa chifukwa chake pano amati Ginnery Corner?"

Tadutsapo kosawerengeka, koma sitinadzifunsepo. Anati kale pamenepo panali makina ochotsa njere ku thonje, ndipo dzinalo linatsalira makinawo atachoka. Atangotchula thonje, pakamwa pawo panatseguka. Anafotokoza za kumunda ku Chikwawa, kulawirira kusanache ndi saka paphewa, makoko ouma a thonje akubaya zala mpaka kutuluka magazi. Madzulo agogo ankakhala pansi pa mtengo kusankha loyera ndi lothimbirira, chifukwa kumsika loyera linali giredi A ndipo linkagulidwa pa mtengo wabwino.

"Fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera m'zala za mayi aja."

Mwana anali asanamvepo nkhani imeneyi. Mayi anaimva kalekale pa nthawi ya chibwenzi, n'kuiiwala. Thonje ku chigwa cha Shire silinabwere ndi azungu. David Livingstone atakwera mtsinjewu mu 1859 anapeza Amang'anja, mtundu wa agogo, akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo. Pambuyo pa ufulu wodzilamulira, m'zaka za m'ma 1960, fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba kuomba ndi kudinda nsalu ku Makata, m'munsi mwa Ndirande, ndipo mu 2003 inagulidwa ndi kampani ya Mapeto. Abambo anatilozera mbali imene ili fakitaleyo tikuyandikira Chichiri. Tinadutsa pansi pa chipilala cha ufulu, tinapitirira Maselema, iwo akadali pa nkhani ya thonje.

Nsalu ya sitachi

Limbe inakula ndi njanji ndi fodya. Njanji inafika mu 1908, kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake, ndipo tauni inakhazikitsidwa mu 1909. Anaiphatikiza ndi Blantyre mu 1956, komabe mpaka lero ili ndi khalidwe lakelake. Ku Blantyre n'kwa mabanki ndi maofesi. Ku Limbe n'kwa mabelo, mawilibala, malole otsitsa katundu ndi anyamata osenza matumba akukuwa kuti muwapatse njira. Masitolo ambiri a mumsewu wa Churchill ndi timisewu toyandikana nawo ndi a amwenye, omwe makolo a ambiri a iwo anachokera ku Gujarat. M'zaka za m'ma 1970 boma linawalamula kuti achoke m'madera a kumidzi azichita malonda m'matauni akuluakulu okha, ndipo Limbe ndi amodzi mwa malo amene anadzazana.

M'masitolo amenewa zitenje zimasanjikizana kuyambira pansi mpaka kudenga: zodindidwa m'dziko muno, za ku Tanzania, za ku Zambia, za ku Congo, ndi zambirimbiri za ku China ndi India. Zina timazitchula kuti Java osadziwa kuti limeneli ndi dzina la chilumba cha ku Indonesia. Kumeneko ndi kumene anthu ankajambula maluwa pansalu ndi phula asanainyike mu utoto. Adatchi anatengera lusoli m'zaka za m'ma 1800, anayamba kudinda ndi makina, ndipo msika waukulu anakaupeza kuno ku Africa.

M'sitolo ina tinakopeka ndi chitenje chobiriwira chokhala ndi maluwa agolide, chonyezimira, cholimba ngati pepala. Tinali titagwirizana kale mtengo pamene abambo, omwe tsopano ankalowa m'sitolo popanda kuwakakamiza, anatambasula dzanja. Anagwira ngodya ya nsaluyo n'kuifikisa pakati pa zala. Kaufa koyera kanagwera pamkono wa jekete.

"Iyi ndi sitachi. Mukachapa kamodzi itsala ngati neti ya udzudzu. Ndipo mulibe thonje umu."

Tinatsutsa. Nsalu yokongola chonchi? Anapempha mwaulemu kuti asolole timaulusi titatu m'mphepete, anasololanso ta chitenje china chosawala chimene tinachinyoza, n'kutuluka nato panja pomwe mnyamata wina ankaotcha chimanga. Ulusi wa chitenje chonyezimira utayandikira khala unakwinyika, unasungunuka n'kusanduka kambulu kakuda kolimba, fungo lake la pulasitiki. Winawo unayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa lotha kufikisa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa chofunda cha munthu wokalamba kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Thonje limamwa thukuta ndipo silikwiyitsa khungu. Poliyesitala ikagwidwa ndi moto imasungunuka n'kumatirira pathupi, ndipo agogo ndi munthu wokonda kuyandikira moto. Wogulitsa sanakwiye. Anangoseka, nati, "Madala awa akuidziwa nsalu," n'kuwerama kutulutsa zina zimene zinali pashelefu yapansi. Abambo ananyowetsa kampango koyera ndi madzi a m'botolo lathu n'kukhula pa chilichonse kuti aone ngati utoto ukuchucha. Tinagula chitenje chimodzi cha buluu choti chizungulire m'mphepete mwa gombeza, ndi mamita awiri ndi theka a nsalu yotambalala ya thonje yoika pansi. Ulusi ndi singano tinagula pakhomo lotsatira.

Abambo asowa

Chinatsala ndi bulangete lapakati, ndipo limeneli tinakalifuna pa kaunjika mumsika wa Limbe. Tinapeza belo langotsegulidwa kumene, amayi ali pikitipikiti kulimbirana. Tinalowa nawo m'gulumo. Titatuluka ndi bulangete lopepuka laubweya, lobooka pang'ono pakona koma lofunda bwino, tinacheuka n'kupeza abambo palibe.

Tinaimba foni, inangoitana. Tinabwerera kusitolo ya nsalu, sanawaone. Tinafunsa anyamata a kabaza pamphambano, anangopukusa mitu. Nthawi inali itapitirira 12 koloko, munthu wa kuthamanga kwa magazi asanadye kanthu chichokereni kunyumba, ndipo ndife tinamukoka kuti abwere kudzapanikizika m'chipiringu chotere. Aliyense wa ife ankaganiza chimodzimodzi koma palibe amene anatchula. Tinayenda msewu umodzi kutsika, wina kukwera, tikusuzumira paliponse pamene anthu aunjikana.

Patapita mphindi ngati 20 tinamva kuseka kumene timakudziwa. Pakhonde la sitolo ina panali atelala anayi atandandalika makina awo opalasa ndi mapazi. Kumapeto kwa mzerewo kunali bambo wachikulire wa tepi m'khosi ndi makina akuda a Singer, ndipo pambali pake, pa kireti, panali abambo. Jekete anali atavula, foni ili m'thumba mwake. Patsogolo pawo anali atayala katoni n'kukhuthulirapo thumba lonse la zotsalira, ndipo ankatola kachidutswa kamodzikamodzi, kukafikisa, n'kukaponya ku mulu wa kumanja kapena wa kumanzere.

"Mwachedwa kuti? Giredi A uku, giredi B uko. Achimwenewa akuti titenge mulu wonsewu."

Mawu amene tinawakonzera m'njira anatithera pakamwa. Tinakhala pansi n'kuyamba kusankha nawo.

Thumba la telala limasunga zimene zachitika m'tauni chaka chonse. Munali zotsalira za madiresi a operekeza akwati, za yunifolomu za sukulu, za makwaya, za zinkhoswe, ndi za malaya a ana obadwa kumene. Munalinso nsalu za zipani zokhala ndi theka la nkhope za andale. Zimenezi tinazibweza, kuti agogo azigona mumtendere. Telalayo, mapazi akupalasabe, anatipatsa malangizo amene sitikanawapeza m'sitolo. Anati tichape nsalu zonse tisanadule, chifukwa thonje latsopano limafupika likalowa m'madzi koyamba ndipo lingakoke misoko. Tidule motsatira ulusi wa nsalu, osati mopingasa, kuti zigamba zisatamuke. Tilumikize zigamba 10 kukhala mzere, tisite misoko, kenako tilumikize mizereyo. Pomaliza tibaye ulusi wolimba pa ngodya iliyonse kudutsa zigawo zonse zitatu n'kumanga mfundo, kuti bulangete lam'kati lisamaunjikane mbali imodzi likachapidwa.

Luso losataya nsalu lili m'maiko ambiri. Ku Bengal amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale n'kuzisokerera pamodzi kukhala chofunda chimene amati kantha. Ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama m'dziko la America, amayi ankasoka magombeza ndi zigamba za zovala zogwirira ntchito kumunda, ndipo mu 2002 magombeza amenewo anakaonetsedwa m'nyumba zosungira zaluso ku Houston ndi ku New York. Ife tinkangofuna kuti agogo asiye mbaula.

Tinadya nkhomaliro pakhonde pomwepo: chimanga chootcha cha mnyamata uja, nthochi, mtedza ndi madzi amene tinatenga kunyumba. Nkhungu inali itayamba kuyera ndipo phiri la Mpingwe linaonekera pamwamba pa madenga a masitolo. Titawerengera, tinapeza kuti abambo anali atayenda wapansi pafupifupi maola awiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda mwandawala, mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Tinawauza kuti atsala pang'ono kukwanitsa za mlungu wonse, ngakhale kuti thupi limapindula kwambiri munthu akamayenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Anati amenewo ndi masamu a anthu ofuna kumutuma munthu ku Limbe kawirikawiri. Za nkhani za pawailesi sanazitchulenso.

Zigamba 130

Tinafika ku Chilomoni cha m'ma 4 koloko, thumba la zigamba lili paphewa pa abambo. Tinadikira tsiku la dzuwa n'kuchapa zonse. Bulangete la pa kaunjika tinalichapa kawiri ndi sopo, tinaliyanika mpaka kuuma gwa, ndipo nsalu zonse tinazisita tisanazigwiritse ntchito.

Kusoka kunatenga milungu itatu, madzulo okhaokha. Abambo anadula kakatoni ka masentimita 17 mbali zonse kuti kakhale muyezo, ndipo ntchito yojambula ndi kudula anaitenga okha, akuwerenga mokweza ngati akutseka mabuku a kumapeto kwa mwezi. Agogo maso anachita mdima, sangathe kulowetsa ulusi pa singano, koma tinawaikira mulu wa zigamba pamiyendo. Ankatola chimodzi, kuchifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, monga anachitira mwana wawo ku Limbe. Anapeza zitatu zimene zinamuzemba.

"Izi si thonje. Iwe unaiwala zimene ndinakuphunzitsa?"

Munthu wa imvi, wopuma pa ntchito, anayankha kuti, "Pepani amayi," n'kukadula zina zitatu.

Madzulo amenewo agogo anayankhula kuposa mmene anayankhulira chibwerereni ku Blantyre. Anatchula minda imene inakokoloka, anzawo amene ankatola nawo thonje, ndi mtengo uja ankakhala pansi pake, umene sakudziwa ngati udakalipo.

Titatsala ndi mizere iwiri, ulusi unatithera. Ulusi umapezeka ngakhale pa msika wa Chilomoni pompano, ndipo tinanena zimenezo. Koma m'mawa mwake tinapeza abambo atavala kale jekete, botolo la madzi lili m'manja. Anati ulusi wa kuno sungafanane ndi umene tinayambira. Anabwera madzulo ndi ulusi, moni wochokera kwa telala uja, ndi kathumba kena ka zigamba. Anaulula kuti pobwerera anatsika pa Ginnery Corner n'kuyenda wapansi mpaka pa Mibawa.

Gombeza linatha mu Julaye, chisanu chili pachimake. Agogo analiyala pabedi okha, analisisita kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, kenako anatuma mdzukulu wawo kuti akaike mbaula kukhitchini, poti ikungotsekereza njira. Kathumba kachiwiri kaja kali pansi pa tebulo pabalaza, ndipo abambo ayamba kale kufunsa kutalika kwa bedi la mayi wina wamasiye wa kuseri kwa nyumba yathu.